Kwa inu amene munatiikira makina a mpweya ku Katoto: gasi wachinayi sindilipira

Ndikulemba pa tsamba lanu la Facebook chifukwa makomo ena onse ndagogoda mpaka kutopa. Foni ya ku ofesi kwanu ikaona nambala yanga imangolira mpaka kuduka yokha. Pa WhatsApp uthenga mukuwerenga, ndikuona ndithu kuti mwawerenga, koma kuyankha ayi. Ndiye bwana manejala, poti malonda anu mumalengezera pano, nanenso dandaulo langa ndaliika pomwepa. Musavutike kulifufuta, ndalijambula kale.

Ndine mayi uja wa malo odyera ndi holo ya misonkhano ku Katoto, kuno ku Mzuzu. Munandiikira makina awiri akuluakulu, aja okhala panja kuseri kwa nyumba, otumiza mpweya kudzera m'mipope ya malata yodutsa m'siling'i. Tsiku loyamba lomwe ndinanenetsa kuti sindikufuna eyakoni yongoziziritsa ngati ndili ku Salima kapena ku Nchalo. Mzuzu ali pamtunda, mamita opitirira 1,200, ndipo Juni ndi Julayi kuno kumacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza kosatha. Anthu a msonkhano amalowa m'holo atavala majekete, ena mpaka zitenje kumapazi. Okutobala akafika, holo ikadzaza, thukuta lokhalokha. Munati makinawa amachita zonse zitatu: kuziziritsa, kutenthetsa, ndi kulowetsa mpweya wabwino wakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 munasintha kotesheni. Sindinatsutse, ndikudziwa kuti katunduyu amabwera ndi ndalama zakunja. Ndinalipira yonse, malisiti ali mu felemu ya pulasitiki mu ofesi mwanga.

Anyamata anu atatu anabwera mu Januwale kuchokera ku Lilongwe. Anali aulemu, sindinganame, ndipo nkhomaliro ankadya kwathu konkuno. Koma mtima wawo unali pa msewu, ankangonena kuti akufuna adutse Chikangawa kusanade chifukwa cha nkhungu. Mvula inkagwa masiku onse awiri, ndipo mapaipi a kopa anagona panja usiku wonse kukamwa kuli yasa, osatsekedwa ngakhale ndi kapepala. Atamaliza kulumikiza ndinamva kaphokoso koti tsiii kwa kanthawi kochepa. Nditafunsa anati akuthamangitsa mpweya woipa m'mapaipi. Kenako anayatsa, kunazizira, mmodzi n'kunena kuti "mwaumva mpweyawo mayi?" Ndinaumva, ndinasaina. Batani lotenthetsa palibe analikhudza, ndipo ine sindinaganize zowauza kuti aliyese. Pamenepo pokha ndiye ndikuvomera kulakwa kwanga.

Mu Malichi madzi anayamba kudontha kuchokera m'siling'i. Osati tsiku wamba, koma pakati pa msonkhano wa aphunzitsi, pa tebulo penipeni pomwe panali laputopu ya wophunzitsa. Tinathamanga ndi ndowa ya kukhitchini. Mayi wina anaseka n'kunena kuti tadzera mvula ya m'nyumba. Banga lija lidakalipo pa bolodi, labulauni, ngati mapu a nyanja. Ndinaimba, munabwera patatha masabata awiri. Mnyamata wanu sanakwere n'komwe m'siling'i. Anapita kuseri, analumikiza mageji ake oyezera mphamvu ya gasi wa m'makina, n'kubwera kudzandiuza kuti gasi watha. Ndinalipira gasi, ndinalipira mafuta a galimoto ochokera ku Lilongwe ndi obwerera, ndinalipira malo ogona. Madzi anapitiriza kudontha.

Nkhani ya Juni ndiyo imandiwawa mpaka lero. M'mawa wina kukuzizira kwambiri ndinadina batani lotenthetsa. Makina a mbali ya kutsogolo anayamba kuuzira mpweya wozizira ngati wa m'firiji pa anthu omwe anali akunjenjemera kale. A mbali ya kumbuyo anafunditsako kwa ola limodzi, kenako zii. Nditazungulira kuseri ndinapeza chimakina chonse chavala ayezi, woyera mbee, fani ikukhula ayeziyo ngati munthu akupala mphika. Wantchito wanga wina anati tiike mbaula. Ndinakana, makala m'chipinda chotseka amapha mwakachetechete. Tinabwereka mahita amagetsi atatu kwa aneba, anagwetsa bureka kawiri, pulojekita n'kumazima. Gulu limenelo linali litalipira masiku anayi. Tsiku lachiwiri linasamukira kwina, ndipo silinabwerenso.

Yankho lanu pa foni ndi lomwe sindidzaiwala. Munati Mzuzu kukuzizira kwambiri, makinawo sangakwanitse. Bwana, makina a mtundu umenewu amafunditsa nyumba m'mayiko momwe kumagwa chipale. Akanike ku Katoto? Komabe munatumiza munthu, ndipo matenda anapezeka omwe aja: gasi watha. Ndinalipiranso. Mu Okutobala, kutentha kutafika, makina a kumbuyo anasiya kuziziritsa. Gasi watha. Kachitatu.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha miyezi khumi, chomwe ndinaona ndi ma invoisi.

Mwezi watha mnzanga wa butchala ku Chibavi anandilozera bambo ena achikulire amene amamukonzera chipinda chozizira chosungiramo nyama. Anabwera pa njinga yamoto, chikwama chimodzi kumsana. Nditawafotokozera za gasi wothawo anandiyang'ana, n'kundifunsa kuti firiji ya kunyumba kwanga ndinaithirapo gasi kangati. Ndinati sindinaithirepo, ndipo ndi yakale kuposa mwana wanga wachisamba. Anati basi, yankho ndi limenelo. Gasi wa m'makinawa si petulo, sapsa, satha. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kunyamula kutentha uku n'kukakutaya uko. Akachepa ndiye kuti pali pobooka, ndipo wothira gasi asanatseke pobookapo akutunga madzi ndi dengu, ndalama yake ikutuluka m'thumba mwanga.

Anapempha kapu ya madzi ndi sopo wotsukira mbale. Tinapita kuseri, anagwada, n'kuloza nati ya buraasi pomwe paipi ya kopa imalumikizana ndi makina. Pansi pake panali ponyowa ndi mafuta, fumbi litamatirira lakuda bii. Anati mafuta a kompuresa, pampu yozungulitsa gasi m'makinamo, amayenda limodzi ndi gasi, ndiye pomwe gasi akuthawira pamasiya chizindikiro. Anapaka thovu ndi chala. Ndinaona ndi maso anga kathovu kakufufuma pang'onopang'ono, kuphulika, kena n'kuyambanso. Mphindi zisanu sizinakwane. Anthu anu anabwera katatu, mtunda wa makilomita opitirira 300 ulendo umodzi, osaona chomwe sopo wa mbale anaonetsa. Kaya sanaone, kaya anaona koma ulendo wachinayi unali wokoma, mudziwa ndinu.

Bambowa anandiphunzitsa zambiri masana amenewo, ndipo ndikuzilemba kuti muzindikire kuti tsopano simukulankhula ndi mayi wa Januwale uja. Kaphokoso ka tsiii kaja si njira yake. Mapaipi atsopano amayamba ayesedwa ndi naitirojeni kuti aone ngati akusunga mphamvu, kenako amakokedwa ndi pampu ya vakyumu mpaka mpweya ndi chinyezi zitatheramo. Chinyezi chikatsalira chimasakanikirana ndi mafuta n'kupanga asidi, asidiyo amadya mawaya a mkati mwa kompuresa pang'onopang'ono. Mapaipi anga anagona pa mvula ya Mzuzu, pampuyo sindinaione. Anandionetsanso kachitsulo kolembedwa pa makina: R410A, ndi kulemera kwa gasi wofunika m'makilogalamu. Gasi ameneyu ndi msakanizo wa mitundu iwiri, amathiridwa ali wamadzimadzi, silinda ili pa sikelo. Anyamata anu sikelo sanabwere nayo ngakhale kamodzi, ankagwira paipi ndi dzanja n'kumati yakwana. Ndipo ndili ndi funso lomwe ndikufuna yankho lolemba: silinda ya ulendo woyamba inali yapinki, ya ulendo wachitatu inali yobiriwira. Bambowa akuti yobiriwira nthawi zambiri imakhala ya R22, gasi wakale uja amene mayiko akumuthetsa pansi pa pangano la Montreal la 1987 chifukwa amawononga ozoni, mpweya wa m'mlengalenga wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo sayenera kusakanizidwa ndi R410A. Munathira chiyani m'makina anga?

Zotenthetsa zija vuto lake linali lochititsa manyazi. Makinawa ali ndi valavu yotembenuza kayendedwe ka gasi, kuti kutentha kuzitengedwa panja kulowa m'nyumba. Pa makina a kutsogolo waya wolamula valavuyo anangopindidwa, tepi kumapeto, sanalumikizidwe chiikireni. Pa a kumbuyo kachipangizo koyeza kuzizira kwa koyilo ya panja, mapaipi opindapinda amene fani imauzirapo mpweya, kanali lende m'malere. M'nyengo ya chinyezi ngati yathu koyiloyo imagwira ayezi ndithu, koma makina amayenera kuzindikira n'kudzisungunula okha. Awa akanadziwa bwanji? Ndiye mlandu munaupereka kwa nyengo ya Mzuzu.

Madzi a m'siling'i, paipi yotayira madzi munaigoneka mokwera m'malo motsetsereka, ndipo mulibe kokhota kaja kosunga madzi kuti fani isamakokere mpweya m'paipimo. Zosefera mpweya titazisolola zinali ngati bulangete la galu. Mgwirizano wathu umati muzibwera kudzasamalira makinawa miyezi itatu iliyonse. Mukanangondionetsa potsegula, bwenzi tikutsuka tokha.

Pali kanthu kena komwe poyamba ndinkakaona ngati kakang'ono. Polowera mpweya wakunja munapaika moyandikana ndi chumuni cha kukhitchini. Tikamakazinga batala wa ku Nkhata Bay holo yonse inkanunkhira nsomba, anthu n'kuyamba kufunsa nkhomaliro 10 koloko. Nditadandaula, mnyamata wanu anati wakonza. Kukonza kwake tinakupeza: katoni ya sopo yomatidwa ndi tepi pakamwa ponse. Chichokereni tsikulo holo yanga yakhala ikuzungulitsa mpweya womwewo umene anthu apuma kale. N'chifukwa chake ikakwana 2 koloko anthu amasinza ndi kudandaula mutu, ine n'kumanamizira kondowole.

Koma chomwe chandipangitsa kulemba poyera ndi ichi. Pa kotesheni yanu, mzere wachisanu ndi chiwiri, pali chipangizo choteteza makina magetsi akavuta. Tonse tikudziwa mmene magetsi amachitira kuno: amazima, amabwera, nthawi zina waya mmodzi mwa atatu obweretsa magetsi, otchedwa mafeizi, amakhala wopanda moto, ndipo ife timasinthira ku jenereta. Kompuresa ya mafeizi atatu ikasowa imodzi imangong'ung'udza n'kumatentha mpaka kupsa, ndipo ikazima imafunika kupuma mphindi zingapo isanayakenso. Chipangizocho ntchito yake ndi imeneyo. Ndinachilipira. Titatsegula bokosi la magetsi tinapeza malo ake ali mbee, timabowo ta masikuluwu tokha. Zinazi munganene kuti ndi kufulumira kwa anyamata. Ichi dzina lake ndi lina, ndipo ndikusiyirani kuti mulitchule nokha.

Nditakutumizirani zithunzi zonsezi, yankho lomaliza lomwe ndinalandira kwa inu linali lakuti waranti yafa chifukwa makina agwiridwa ndi munthu wina. Bambo aja sanamasule nati, sanalumikize waya, sanathire kanthu. Anakana okha, anati akakhudza mupezerapo pothawira, ndipo taonani. Chomwe anagwiritsa ntchito ndi sopo, tochi ndi sikuludiraiva yotsegulira zivundikiro, ndipo vidiyo yonse ndili nayo kuyambira pomwe anatsika pa njinga. Waranti yanu ndi ya miyezi 12, ikutha mu Januwale. Masiku ndikuwerenga nanenso.

Sindikufuna makina atsopano, ndipo sindikufuna kukangana ndi anyamata amene amangopita komwe atumidwa ndi zida zomwe apatsidwa. Ndikufuna mutumize mmisiri wodziwa ntchito, abwere ndi naitirojeni, pampu ya vakyumu ndi sikelo. Gasi amene alimo achotsedwe yense poti sitikudziwa kuti ndi wanji, ndipo apopedwere m'silinda, osati kumuululutsira m'mwamba kuseri kwa khitchini yanga. Polumikizira pakonzedwe, ayese usiku wonse, ndione geji madzulo ndi m'mawa ndi maso anga. Waya uja alumikizidwe, batani lotenthetsa tidine limodzi ngakhale kunja kukutentha. Paipi ya madzi, polowera mpweya, ndi chipangizo cha mzere wachisanu ndi chiwiri, zonse pa mtengo wanu. Ndalama za gasi katatu ndi za maulendo ake mundibwezere. Za gulu lomwe linathawa kuzizira lija sindikuwerengera, ngakhale ndikanatha.

Ngati kumpoto kuno n'kutali kwa inu, nenani poyera kuti anzanga a malo ogona, a mafamase ndi a maofesi amene akuona zotsatsa zanu adziwiretu kuti kugula n'kosavuta koma wokonza ali kuseri kwa Chikangawa. Amisiri ku Mzuzu aliko, ku Luwinga kokha mungapeze oti mugwirizane nawo.

Ndikupatsani masiku asanu ndi awiri kuyambira lero. Akatha, felemu ya malisiti, kotesheni, zithunzi ndi vidiyo ndikazitula ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC. Musandiyankhe pansipa kuti "tilembereni ku inbox mayi", ku inbox ndiko ndachokera. Loweruka likubwerali m'holo muli chinkhoswe cha anthu 150, ndowa ija ndaikulunga nsalu yoyera kuti ifanane ndi zokongoletsa. Makiyi a kuseri ali ndi alonda, amafika 6 koloko m'mawa.