Ophunzira athu aone mkati mwa ufa wosungira haidirojeni

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa sayansi kuno ku Johannesburg, ndipo ndalemba kalatayi chifukwa anzanga ochokera kumudzi akamakamba za haidirojeni amathamangira ku magalimoto ndi magetsi, koma funso lalikulu, loti mpweyawu tiusunga pati, amalidumpha. M'magalimoto amaupanikiza kufika pa ma bar 700, kutanthauza kuchulukitsa pafupifupi ka 700 mphamvu imene mpweya wotizungulira umatipanikiza nayo, ndipo wofuna kuusunga ngati madzi ayenera kuuziziritsa mpaka madigiri 253 pansi pa ziro. Njira zonsezi n'zodula, n'chifukwa chake akatswiri akhala akufufuza ufa umene umamwa haidirojeni n'kumubweza ukatenthedwa.

Ufa wina wotere ndi sodium alanate. Mkati mwake atomu iliyonse ya aluminiyamu yazunguliridwa ndi maatomu anayi a haidirojeni, atatu pansi ngati mafuwa, imodzi pamwamba, ndipo timagulu timeneti tasanjana ndi sodiyamu mobwerezabwereza ufa wonsewo. Ukatenthedwa, kasanjidwe kaja kamasintha: poyamba aluminiyamu yotsalira m'gulu imagwira maatomu sikisi, kenako gulu lonse limaphwasuka, ndipo pa magalamu 100 a ufa mutha kutuluka magalamu pafupifupi 5.6 a haidirojeni. Kwa zaka zambiri kubwezera mpweyawo mu ufa kunali kovuta kwambiri, mpaka mu 1997 pamene Bogdanović ndi Schwickardi a ku Germany anaonetsa kuti kuthiramo titaniyamu pang'ono kumachititsa kuti ufawo udzazidwenso.

Lithium borohydride, ufa winanso wotere, amanyamula kwambiri, magalamu oposa 18 pa magalamu 100 aliwonse, koma amaumirira katundu wake, moti kuti atulutse wambiri pafunika kutentha kofika cha m'ma 400 digiri. Kwa ine phunziro lili pamenepa: kuchuluka kwa haidirojeni mu ufa sikuthandiza ngati maatomu anasanjana mokana kumumasula. Wofuna kukonza ufawo ayambe waona pamene atomu iliyonse yakhala.

Kuonako kuli ndi vuto lake, pakuti haidirojeni ali ndi elekitironi imodzi yokha, choncho makina a X-ray, amene amadalira ma elekitironi poona maatomu, amamuona movutikira. Amene amamuona bwino ndi ma neutron, tizigawo ta pakati pa atomu, ndipo awa amapezeka ku riyakitala ya nyukiliya ya SAFARI-1 ku Pelindaba, kumadzulo kwa Pretoria, imene yakhala ikugwira ntchito kuyambira 1965. Dziko lino la South Africa linayambanso pulogalamu yofufuza za haidirojeni ya HySA mu 2008, ndipo mu 2016 ku Springs, kufupi ndi kuno, anaonetsa forklift, galimoto yonyamulira katundu m'fakitale, yosunga haidirojeni mu ufa wa zitsulo.

Mwina wina anena kuti izi n'zakutali kwa dziko la Malawi limene anthu ambiri akuphikirabe nkhuni ndi makala. Ine ndikukumbukira mdima umene abale athu anakhalamo namondwe Ana atawononga Kapichira mu 2022. Dzuwa likupereka kale magetsi ku Salima ndi ku Golomoti, ndipo mphamvu ya masana imafuna nkhokwe, monga haidirojeni wosungidwa mu ufa, yoti idikire usiku. Miyala ya aluminiyamu nayo ilipo pa phiri la Mulanje.

Ndikupempha aphunzitsi a chemistry ndi physics ku UNIMA, ku MUST ndi ku Mzuni kuti alembere anzawo a ku Pelindaba ndi a HySA, apemphe malo a ophunzira awiri kapena atatu chaka chilichonse. Ife amene tili kuno tidzawachingamira pa Park Station ndi kuwapezera pogona.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi,
Johannesburg