Damu latsopano silidzathandiza ngati mapaipi ali obowoka

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, kumene ambiri a ife ochokera ku Malawi tikukhala m'malokeshoni monga Mbare, Mufakose ndi Mabvuku, chifukwa ndikuona kuti zimene zachitikira mzinda uno pa nkhani ya madzi ziyenera kumveka kwa akuluakulu a Lilongwe Water Board ndi Blantyre Water Board.

Harare imadalira nyanja ya Chivero, yomwe inapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame. Vuto lake n'lakuti nyanjayi ili kumunsi kwa mzinda, kotero kuti zonyansa za m'zimbudzi zikapanda kuyeretsedwa bwino kumalo oyeretsera zonyansa a Firle ndi Crowborough, zimatsikira m'madzi omwewo amene amapopedwa kumalo oyeretsera madzi akumwa a Morton Jaffray n'kubwezedwa kumipopi ya anthu. Motero khonsolo imawononga ndalama zambiri pogula mankhwala ochotsera uve umene mzinda womwewo wathira, ndipo ndalama zikasowa, mipopi imauma. Madera monga Mabvuku ndi Tafara akhala zaka zambiri akudalira zitsime ndi mijigo.

Mu 2005 boma linachotsa ntchito ya madzi m'manja mwa khonsolo n'kuipereka kwa bungwe la boma loona za madzi la ZINWA, ndipo mu 2009 inabwezedwanso kwa khonsolo, mliri wa kolera utapha anthu oposa 4,000 m'dziko lonse. Kusinthana kumeneku sikunakonze makina kapena mapaipi, koma kunangopatsa mbali iliyonse mpata woloza chala inzake. Mu 2018 kolera inabukanso m'malokeshoni a Glen View ndi Budiriro.

Tsopano chiyembekezo chaikidwa pa damu la Kunzvi, limene lakhala likukambidwa kuyambira zaka za m'ma 1990 koma ntchito yake inayamba mu 2021. Sindikutsutsa damuli, pakuti mzinda wakula kwambiri. Chimene ndikudandaula n'chakuti okonza mapulani amakonda ntchito yodzatsegula ndi mwambo, pomwe kusintha mapaipi akale amene akutaya madzi pansi pa misewu kulibe woimbira m'manja.

Popeza kwathunso kuli ntchito yaikulu yotenga madzi ku Salima kupita ku Lilongwe, ndikupempha kuti nyuzipepala yanu ifunse akuluakulu a ntchitoyi kuti ndalama zokonzera mapampu ndi mapaipi chaka ndi chaka zidzachokera kuti, ndiponso kuti ndi bungwe liti lidzayankhe madzi akadzasiya kutuluka.

Muwerengi wanu,
Mabvuku, Harare