Galimoto ikamakana kulira itatentha, tiziyeza kaye tisanagule masipeya

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndiyankhuleko ndi madalaivala anzanga komanso amakanika a kuno ku Mangochi, makamaka ife amene tikuyendetsabe galimoto zakale za petulo zija za ma injekita (timipopi topopera petulo mu injini), ma Corolla, ma Sprinter, ma Carina ndi zina zotero. Okutobala ndi Novembala kuno mukudziwa mmene kumakhalira, ikamakwana 10 koloko mmawa dzuwa limakhala layamba kale kuswa mtengo, nde ndikudziwa kuti vuto lomwe linandisowetsa tulo chaka chatha ligwiranso anthu ambiri chaka chino.

Ine ndili ndi Corolla ya 1994, injini yake ndi 4A-FE, ndimanyamula anthu kuchoka pa boma kupita ku Namwera mpaka pa Chiponde, pena ndikapeza hayala ndimalowera ku Monkey Bay. Mmawa kiyi kamodzi basi yalira. Koma ukayenda nayo, makamaka ukakwera mapiri a Chowe utadzaza, nkuzimitsa kuti utsitse katundu kapena udye kaye nsima, pakangodutsa mphindi 15 kapena 20 yakana. Sitata ikuzungulira bwinobwino, mphamvu ilipo, koma injini osagwira. Ukaisiya ola lathunthu kuti izizire imalira ngati palibe chomwe chinachitika.

Tsiku lomwe zinandipweteka kwambiri ndinanyamula mayi wina wa geni ya nsomba, anali ndi madengu awiri a chambo chomwe anakapikula ku Makawa mbandakucha kuti akagulitse ku Namwera. Titakwera Chowe ndinazimitsa podikira mnyamata wina amene anathamangira kunyumba kukatenga katundu wake, pobwera iye galimoto yakana. Tinakankha, ayi. Ayisi wa mmadengu muja anayamba kusungunuka, madzi akudontha kuchokera mu buti kugwera pa fumbi, ntchentche zayamba kusonkhana, mayi aja sanandikalipire ayi, anangoima pambali atagwira chitenje pakamwa nkunena kuti "bambo, mpamba wanga wonse uli mmenemu." Anakwera njinga yamoto madengu atawamangirira kumbuyo, ine ndinawabwezera ndalama yawo, koma mpaka lero sindidziwa ngati nsomba zija zinafika zili bwino.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuzungulira mmagalaja. Woyamba anati ndi batire, ndinagula. Wina anati mapulagi, ndinagula. Wina anamasula sitata nkuitsuka, wina anati distributor yatha ndipeze ya kaunjika, wina mpaka anafika ponena kuti kompyuta bokosi yapsa ndiitanitse ku Lilongwe. Ndalama zomwe zinapita pamenepo ndikanalipirira mwana fizi. Ndipo chomwe chimandiwawa sikuti anthuwa ndi akuba ayi, ambiri ndi anzathu omwe timapemphera nawo limodzi ndipo ntchito ya manja amaidziwa, koma palibe olo mmodzi amene anayeza kanthu, aliyense amangomvetsera ndi khutu nkutchula sipeya. Komanso galimoto ndimapita nayo mmawa ili yozizira, nthawi yomwe matenda ake sakuoneka, nde aliyense akasintha chake imalira ndithu, ine nkumapita ndikusangalala, masana yakananso.

Amene anandithandiza ndi madala ena ake amene anagwirapo ntchito zaka zambiri ku Blantyre, pano anabwerera kumudzi amangogwira apo ndi apo pansi pa mtengo wa mango. Iwo anati adalaivala, pitani kaye mukazungulire nayo mpaka itenthe, mubwere nayo ikudwala. Nditabwera anatulutsa kageji mkachikwama kansalu, kageji koyezera pulesha ya mafuta kokhala ndi kapaipi kake, anakulunga sanza pa bawuti ya pamwamba pa fyuluta nkumasula pang'onopang'ono kuti petulo asathovokere mmaso, kenako anamangirira geji ija pamenepo.

Zomwe anandifotokozera ndi izi, ndipo ndikufuna aliyense azimve chifukwa sizovuta. Pampu ya mafuta pa galimoto zimenezi ili mkati mwa thanki, imakankha petulo mwamphamvu kupita ku kapaipi kachitsulo komwe ma injekita amalumikizikako pa injini. Ukazimitsa galimoto pampu imaima, koma pulesha ija siyenera kuthawa, mkati mwa pampu muli kavavu kakang'ono komwe kamatseka kuti mafuta asabwerere ku thanki. Tsono ukazimitsa, madzi a mu injini asiya kuzungulira, fani yaima, mphepo palibe, kutentha konse kwa injini ndi ekizozi kumangounjikana pansi pa boneti, moti mphindi zoyambirira ukangozimitsa mu boneti mumatentha kuposa mmene mumatenthera ukuyenda. Petulo sali ngati madzi, mbali ina ya petulo imayamba kusanduka nthunzi pa madigiri 40 pomwepa, chomwe chimamugwira kuti akhalebe wamadzimadzi ndi pulesha ija. Anandipatsa chitsanzo cha botolo la zoziziritsa kukhosi, likakhala chitsekere simuona thovu, mukangotsegula thovu lija fwaa. Nde pulesha ikathawa petulo amawira mkapaipi muja, iwe ukamaliza galimoto ma injekita akupopera nthunzi mmalo mwa mafuta, injini igwira bwanji? Ikazizira nthunzi ija imabwerera kukhala mafuta, mpake mmawa imalira bwino. Tisaiwalenso kuti petulo wathu kuno ku Malawi amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo petulo wosakaniza chonchi sachedwa kutulutsa nthunzi kukatentha. Sindikunena kuti ndi woipa ayi, galimoto yomwe ikusunga pulesha imayenda naye bwinobwino, koma yomwe ikutaya pulesha pa dzuwa la ku Mangochi ndiye imaonekera msanga.

Pa injini ngati yangayi buku la Toyota limati pampu ikamazungulira geji izionetsa pakati pa 38 ndi 44 psi, injini ikamalira payokha osaponda moto izikhala cha pa 30 mpaka 37, ndipo ukazimitsa isatsike kupitirira 21 kwa mphindi 5. Yanga titazimitsa tinangoona muvi ukutsika ife tikuyang'ana, mphindi ziwiri zisanakwane uli pansi penipeni. Miyezi inayi ndikuvutika, vuto linaoneka pa mphindi ziwiri.

Koma madala aja sanathamangire kunena kuti gulani pampu, apa mpomwe ndinawapatsira ulemu. Anati pulesha ikhoza kuthawira malo atatu, kavavu ka mu pampu, regyuleta yobwezera mafuta otsala ku thanki yomwe ili kumapeto kwa kapaipi ka ma injekita, kapena ma injekita eni akewo akamadontha. Anapopanso pulesha nkufinya paipi ya labala yobwezera mafuta ku thanki, ataikulunga kansalu kuti pulayala isaidule, muvi unatsikabe, kusonyeza kuti regyuleta ilibe mlandu. Anapopanso kachiwiri nkufinya paipi yochokera ku thanki, muvi unaima nji. Basi, kavavu ka mu pampu. Akanakhala kuti afinya zonse ziwiri koma muvi nkumatsikabe, ndiye kuti ndi ma injekita. Anazulanso kapaipi kakang'ono ka vakyumu pa regyuleta nkukanunkhiza, akuti mukapezeka petulo mmenemo ndiye kuti labala ya mkati mwa regyuleta yang'ambika ndipo injini ikumwa mafuta kudzera njira yolakwika.

Nkhani ya ma injekita odontha ndiyofunika kuisiyanitsa, chifukwa kumeneko vuto si kusowa kwa mafuta koma kuchuluka. Galimoto ili chiimire mafuta akudonthera mu injini, pofuna kuliza mapulagi anyowa. Imeneyo umaidziwa chifukwa ukaponda moto mpaka pansi uku ukuliza imagwira msangako, nkutulutsa utsi wakuda ndi fungo la petulo. Mnzanga wina amene amayenda msewu wa Liwonde yake imachita chimodzimodzi koma ma injekita ali bwino, vuto linali kasensa koyeza kutentha kwa madzi komwe kamauza kompyuta. Kanali kakunama kuti injini ndiyozizira pomwe ikuwotcha, nde kompyuta imathira mafuta ambiri ngati ndi mmawa wa mu Juni. Kameneko kamayezedwa ndi mita ya magetsi yomweyi, pa Toyota kakazizira cha pa madigiri 20 kamaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000, kakatentha pa 80 kamatsika kufika 200 mpaka 400. Ndi kanthu kotchipa poyerekeza ndi kompyuta bokosi yomwe anthu amathamangira kuitanitsa.

Anthu ena amalangiza kuti uzitembenuza kiyi kangapo osaliza kuti pampu idzaze mafuta. Pa galimoto zambiri zimathandiza chifukwa pampu imazungulira masekondi awiri kiyi akangofika pa ON, koma pa ma Toyota akale ngati yangayi pampu siyamba mpaka sitata izungulire, nde musadabwe mukapanda kumva kulira mu thanki. Amakanika amalumikiza ndi kawaya timabowo ta Fp ndi +B mu kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS ka mu boneti kuti pampu izungulire payokha, ndi mmene madala aja amapopera pulesha poyeza paja. A ma Honda akale a Civic ndi Accord inu yang'ananinso main relay ya pansi pa dashibodi, mtovu wake umang'aluka ndipo mkati mwa galimoto mukatentha imasiya kupereka magetsi ku pampu. Ndipo musanalimbane ndi mafuta onani kaye ngati moto ukufika ku mapulagi nthawi yomwe yakanayo, koyilo nayo imatha kufooka ikatentha. Sitata ikamazungulira mwaulesi imeneyo ndi nkhani ina, ya batire, mawaya a efi (earth) kapena sitata yeniyeniyo.

Titatsitsa thanki yanga ndinamva chisoni. Pansi pake panali mchenga, dzimbiri, ndi madzi, kasefa ka kukamwa kwa pampu kada bii ngati kagwera mmatope. Zonsezi ndi mafuta a mzigubu omwe tinkagula nthawi yomwe pa filing'i panalibe kanthu, munthu wagona pa mzere masiku awiri ana akufuna kudya, ungatani. Kamchenga kamodzi kokha kakakhala pa kavavu kaja ndiye kuti sikatsekanso. China nchoti timakonda kuyenda thanki ili pansi, malita atatu atatu, pomwe pampu ija imazizira ndi mafuta omwe yamiramo, ndipo mafuta ochepa akamazungulira kupita ku injini nkubwerera amatentha msanga. Ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira, koma amene angathe asamalole kuti itsike kupitirira kota, ndipo ngati mwakakamizika kugula a mchigubu sefani ndi nsalu yoyera pothira. Tinatsuka thanki, tinaika pampu ina ndi kasefa kake, fyuluta yatsopano ndi mawashala atsopano pa bawuti ija. Geji itabwereranso, mphindi 20 zinadutsa muvi uli mmwamba.

Chonde anzanga siyani zothira petulo kukamwa kwa injini ndi kabotolo kuti ilire, injini yotentha ikatsokomola moto umabwerera kwa wogwira botoloyo. Pomasula mapaipi a mafuta fodya akhale kutali, mbaula ya amayi okazinga tchipisi ikhale kutali, ndipo paipi ya mafuta musalowetsepo paipi wamba yomanga ndi waya kapena mphira ya chubu, pulesha yake ndi yaikulu. Kachitsulo kotchinga kutentha ka pa ekizozi kaja kakamasulidwa kazibwezeredwa, osati kutaya kuti kamangosokosa. Chimodzimodzi thermostat, kavavu koyang'anira kutentha kwa madzi a mu injini, ambiri amaichotsa ati kuno nkotentha kale, koma injini ya kompyuta imafuna ifike pa kutentha kwake, kupanda apo imangomwa mafuta.

Pempho langa kwa amakanika a pa boma, ku Namwera, ku Monkey Bay ndi ku Makawa, ngati mmodzi payekha sangakwanitse kugula geji imeneyi sonkheranani anthu asanu mugule imodzi muzibwerekana, pamodzi ndi mita ya magetsi. Aphunzitsi a mmasukulu a ntchito zamanja nanunso anyamata athu aziigwira geji imeneyi ndi manja asanatuluke. Ndipo inu a Mkonzi mutatipatsako kadanga ka nkhani za galimoto m'Chichewa olo kamodzi pa mwezi mungatithandize kwambiri, mabuku a zimenezi onse ali m'Chingerezi ndipo ambiri mwa anyamata ogwira sipanala sukulu sanapite nayo patali. Madala aja ndawafunsa, akuti ali okonzeka kuonetsa achinyamata mmene amayezera Loweruka lililonse masana, ine galimoto yanga ndibweretsa kuti aphunzirirepo.

Ndine wanu,
Dalaivala wa takisi,
Mangochi Boma