Mwala wakuda uliwonse si malasha

Akonzi,

Mwezi wathawu mphwanga akukumba chitsime kwathu kuno ku Mitundu anapeza mwala wakuda wodetsa m'manja. Basi, anagulitsa mbuzi ziwiri kulipira anyamata oti azamitse dzenjelo, ati wapeza malasha. Atandibweretsera chibenthu ndinachiponya pambaula, osayaka. Kuchikhutiza papepala, chinalemba ngati pensulo. Ndi graphite, mwala umene amapangira mapensulo, yemwe uja akupezekanso ku Malingunde.

Ine ndinagwirapo ntchito mumgodi wa malasha kumpoto, ndiye ndiloleni ndinene zomwe ndinaona ndi maso angawa. Malasha sakhala mulu ngati chimanga m'nkhokwe ayi. Amayala ngati mphasa pakati pa miyala yamchenga ndi yadongo louma. Malo ena mphasayo sinkafika n'pachifuwa pomwe, moti tinkakumba chowerama, ndipo msana umandikumbutsabe m'miyezi yozizira. Umatha kuitsata masiku ambiri, mwadzidzidzi yathera pamwala: nthaka inang'aluka kalekale, mbali inayo n'kutitimira, ndiye muyambenso kuisaka mmunsi. Mwala wotuwa wa pamwamba pake umasendeka ngati masamba a buku, ndipo kangapo konse ndinaonamo zidindo za masamba ooneka ngati lilime. Akatswiri amati Glossopteris, zomera za m'madambo a zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo.

Miyala imeneyi, imene amaitcha Karoo, kuno ku Malawi inangotsala zigamba, m'malo momwe nthaka inatitimira n'kuibisa kuti isakokoloke: ku Ngana kufupi ndi Songwe, m'chigwa cha North Rukuru, ku Mchenga ndi Kaziwiziwi ku Rumphi, komanso ku Lengwe ndi Mwabvi m'chigwa cha Shire. Mtundu womwewu ndi umene akukumba ku Maamba ku Zambia, ku Hwange ku Zimbabwe ndi ku Moatize ku Mozambique. Malasha a m'sitima zodutsa pa Nkaya popita ku Nacala ndi a ku Moatizeko, si athu.

Ife a kuno ku Lilongwe tinakhala pamwala wakale zedi, umene unapsa ndi kufinyika pansi pa nthaka mitengo isanayambe n'kumera komwe padziko. Tsono poti malasha amapangika kuchokera ku zomera, achokeramo kuti?

Ndikupempha a nthambi yofufuza za miyala ku Zomba kuti azifotokozako zimenezi pawailesi m'Chichewa. Dzenje la mphwanga pano talitchinga ndi minga kuopa ana, ndipo mwiniwake sakundipatsa moni.

Mkulu wopuma pantchito ya mumgodi,
Mitundu, Lilongwe