Lipoti la msonkhano wa ma graphics card ku Braamfontein

A Wapampando, akuluakulu, abale ndi alongo a gulu lathu la okonza makompyuta ndi ojambula mavidiyo kuno ku Johannesburg,

Munandituma ku msonkhano wa ku Braamfontein kuti ndikamve ngati kuli kwanzeru kutapa ndalama m'thumba lathu n'kugula graphics card, khadi yoyendetsa zithunzi ndi magemu mu kompyuta, yoti tizigwiritsa ntchito tonse. Maganizo anga ndi oti tigule, koma osati chikhadi chachikulu chija ena mwakhala mukuchisirira.

Ophunzitsa anayamba ndi kufotokoza chifukwa chake khadi ya magemu ikutha ntchito zina. CPU, ubongo wa kompyuta, ili ndi ma core (tizigawo towerengera) ochepa koma amphamvu. GPU, ubongo wa khadiyi, ili ndi ma core masauzande, ofooka paokhapaokha, koma amawerengera nthawi imodzi ngati aganyu ambirimbiri m'munda umodzi, aliyense ndi mzere wake. Ntchito yogawika chotero, monga kukonza mitundu ya vidiyo ya ukwati mu DaVinci Resolve, kupanga zithunzi mu Blender kapena kuphunzitsa AI, imatha msanga. Ntchito yoti gawo lachiwiri lidikire loyamba siipindula kanthu. Amene mumangolemba makalata ndi ma CV a makasitomala, khadiyi si yanu.

Nvidia, kampani yopanga makhadiwa, inatulutsa CUDA mu 2007, njira yolembera mapulogalamu wamba oti aziyenda pa khadi. Mu 2012 akatswiri a ku University of Toronto anaphunzitsa AI yotchedwa AlexNet pa makhadi awiri a GTX 580, omwewo a magemu, n'kupambana mpikisano wa ImageNet wozindikira zithunzi. Mpaka pano mapulogalamu ambiri a AI amayenda bwino ndi CUDA, ndipo CUDA ndi ya makhadi a Nvidia basi. AMD, kampani ina ya makhadi, ili ndi njira yake, ROCm, palinso OpenCL, koma pa gulu ngati lathu sindikuona chifukwa chodziputira mavuto.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa memory ya khadi, VRAM. Model, kutanthauza pulogalamu ya AI yophunzitsidwa, ikapanda kukwana m'menemo, liwiro lonse lija limangopita pachabe. Pa makhadi a Nvidia, RTX 3060 ilipo ya 12GB ndipo imadya magetsi pafupifupi mawati 170. RTX 4090 ili ndi 24GB koma imafuna mawati 450, kuphatikizanso power supply yatsopano ndi bokosi lalikulu. Ife a mita ya prepaid, amenenso magetsi akathima timadalira ka inveta, tiwerengere bwino zimenezo. Ine ndaima pa 3060.

Za makhadi a kaunjika anatichenjeza. Ethereum, ndalama ya pa intaneti, itasiya kukumbidwa (mining) ndi makhadi mu September 2022, makhadi ambiri anathiridwa pamsika atagwira ntchito usana ndi usiku. Si onse oipa ayi, koma tisapereke ndalama tisanaiyese khadi pa ntchito yolemera, tikumvetsera mafani ndi kuona kutentha kwake.

Chinandikoka mtima n'chakuti NLLB, model yomasulira imene Meta inatulutsa mu 2022, ili ndi Chinyanja, ndipo yaing'ono yake imakwana pa khadi ngati 3060. Ofuna kulawa kaye angayambe ndi Google Colab, yomwe imabwereketsa GPU ulere, ngakhale imadula nthawi.

Pa msonkhano wa Lamlungu tigwirizane ziwiri: ndalama zingati tingatape, ndiponso kompyutayo idzakhala pa shopu ya ndani. A Msungichuma, chonde mubwere ndi buku.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu