Lipoti la ulendo wa ku Joni kwa mamembala a banki mkhonde yathu

Atcheya, alembi, asungichuma, amayi ndi abambo nonse, ndabwerako bwino. Ndinatsika basi pa Zalewa Lachinayi usiku, miyendo itatupa, n'kudikira minibasi ya ku Ntcheu mpaka kunja kutayera. Ndalemba lipotili ndisanaiwale, kuti amene sadzapezeka pa msonkhano wa Lachiwiri awerengeretu.

Mukukumbuka chomwe chinatikanganitsa. Chaka chino chokha mamembala anayi apempha ngongole yoti ana awo akwerere basi ya ku Joni, pomwe awiri omwe tinawabwereketsa chaka chatha pa chifukwa chomwechi sanamalizebe kubweza. Ena mumati ana akudya ndalama kumeneko, ena mumati kulibeko ndalama. Achimwene a asungichuma atatiuza kuti Amalawi a m'dera lomwe amakhala ku Johannesburg ali ndi msonkhano, munasonkha n'kundituma kuti ndikafunse ndekha. Paja safunsa anadya phula.

Za m'njira sinditaya nazo nthawi. Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, n'kukatsikira pa Park Station. Pa chipata chilichonse mumatsika, kuima pamzere, kudinditsa pasipoti. Ndinatenga zitumbuwa ndi mtedza wokazinga, koma zinatha tisanatuluke mu Zimbabwe, ndipo kuchokera pamenepo chilichonse, ngakhale kupita kokadzithandiza, chinali cha ndalama.

Msonkhanowo unachitikira mu holo ya tchalitchi china cha kummwera kwa tauni, Lamlungu masana. Kunali anthu a ku Mangochi, Machinga, Balaka, Dedza, Nkhotakota ndi Mzimba, onse atavala majekete okhuthala chifukwa kuzizira kwa Juni kumeneko kumaposa kwa ku Tsangano. Nkhani yawo yaikulu inali ya thumba la maliro. Ine anandipatsa mpata atamaliza zimenezo, ndipo ndinangofunsa funso lomwe munandipatsa lija: munthu akalandira malipiro, chimatsala n'chiyani poyerekeza ndi kukhala kumudzi? Holo yonse inaseka kaye. Mayi wina kumbuyo anati, "Amayi, mwabwera ndi funso lomwe ifenso timaopa kudzifunsa."

Ndiyambe ndi zomwe zili m'malamulo. Boma la South Africa linakhazikitsa kuti kuyambira pa 1 Malichi 2025 wantchito asalandire zochepera R28.79 pa ola, ndipo antchito a m'nyumba nawonso ali momwemo. Pa mlingo wa 2025 umenewo, munthu wogwira maola 8 pa tsiku kwa masiku 22 ankayenera kupeza R5,067. Pa mtengo wa kubanki randi imodzi ili cha m'ma K100, ndipo ndigwiritsa ntchito mtengo umenewu kuti masamu aphweke, ngakhale tonse tikudziwa kuti osintha mwamseri amapereka zoposa pamenepo. Ndiye ife kuno tikamva R5,000 timawerenga theka la miliyoni, n'kuyerekeza ndi K126,000 yomwe boma lathu linaika mu 2025 ngati malipiro otsikitsitsa, mutu n'kuzungulira. Pamenepa m'pamene timasochera, chifukwa randi ija idyedwa kaye komweko pa mitengo ya komweko isanafike pa foni yanu.

Mnyamata wina wa ku Balaka, wogulitsa m'sitolo ku Mayfair, anadzuka n'kutulutsa kalisiti kotumizira ndalama m'thumba la jekete. Anakatembenuza, n'kubwereka cholembera changa. Iye amalandira R4,500, osati ya lamulo ija, chifukwa alibe mapepala ndipo akadandaula abwana amangomuuza kuti panja pali ena khumi akudikira. Analemba lendi R1,400, magetsi a mayunitsi R300, matakisi R900, chakudya R1,100, mayunitsi a foni R150, thumba la maliro R100. Anajambula mzere pansi n'kulemba R550. Kalisitiko ndabwera nako, mudzakaona. K450,000 yomwe mayi ake amauza anzawo kumjigo ndi K55,000 basi, ndipo apo sanadwale, sanagule nsapato, otumiza ndalama sanadule yawo.

Madzulo ake ananditenga kukaona komwe amagona. Ndi chipinda chimodzi cha m'nyumba yakale, chogawidwa pakati ndi chinsalu chomangidwa pa waya. Mbali ino iye ndi mnzake, mbali inayo banja lina la mwana mmodzi. Matilesi pansi, zovala mu zikwama za mizeremizere zija, kastovu ka magetsi pa ndowa yovundikira. Chimbudzi ndi bafa amagawana ndi anthu a m'zipinda zonse. Ndinafunsa chifukwa chake sayatsa hita pomwe mpweya wa m'kamwa ukuoneka ngati utsi, anangondilozera mita ya magetsi. R1,400 ija ndi ya theka la chipinda chimenechi. Ine ndinaganiza za khitchini yanga ya udzu, yomwe ndimachita nayo manyazi alendo akabwera, kuti ndi yaikulu kuposa malo a anthu asanuwa.

Alipo malo otchipa kuposa apa. Ena amakhala m'tinyumba ta malata ku Diepsloot kapena ku Tembisa, koma zomwe wapulumutsa pa lendi zimathera pa takisi. Ena amalowa m'nyumba zosanja zosiyidwa za pakati pa tauni. Mmodzi anandikumbutsa za moto wa pa 31 Ogasiti 2023 ku Marshalltown, womwe unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Anthuwo anali m'menemo chifukwa lendi inali yochepa.

Chomwe chinandikhudza kwambiri n'chakuti zinthu zomwe kuno sitiziwerengera ngati ndalama, kumeneko chilichonse chili ndi mtengo. Nyumba tinaumba tokha njerwa. Ufa timakachayitsa chimanga cha m'nkhokwe. Nkhwani, bonongwe, chisoso timangothyola kuseri. Madzi a pamjigo timasonkha kangachepe pamwezi. Mwana timasiyira agogo ake tikamapita kudimba. Kumeneko ufa ndi wa m'sitolo, masamba ndi ogula, ndipo mayi wa ku Nkhotakota anati amalipira munthu womusungira mwana tsiku lililonse lomwe wapita ku ganyu. Usipa, nandolo ndi mpunga wa Kilombero zimabwera pa basi, koma zikafika zimakhala zakudya za pa chikondwerero. Nkhuku ya m'firiji, mafuta ophikira, buledi, shuga, mabulangete ndi mafoni, izo zokha ndiye n'zosavuta kupeza kusiyana ndi kuno mukayerekeza ndi zomwe munthu amalandira. N'chifukwa chake ana athu amaoneka onenepa pa zithunzi.

Koma musaganize kuti onse anavomereza mnyamata uja. Mayi wa ku Nkhotakota yemweyo anadzuka atakwiya ndithu. Anati, "Inu mukuti R550 ndi yochepa. Kwathu ndinkatsala ndi zingati? Ndinkatsala ndi ngongole ya katapila." Anati K126,000 yomwe ndikunena ndi ya munthu amene ali pa ntchito, ndipo anandifunsa kuti m'mudzi mwathu olembedwa ntchito alimo angati. Ndinasowa choyankha. Ananenanso za kwacha, yomwe inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anasunga makwacha anadzuka ali osauka, amene anasunga marandi sanataye kanthu. Thumba la feteleza linadutsa K100,000, ndipo iye chaka chatha anagulira mayi ake matumba awiri ndi ndalama yochapa zovala za anthu. Pamenepa anthu anawomba m'manja, ndipo ine sindingakunamizeni, ananena zoona. Ifenso tikudziwa kuti masheya omwe timagawana mu Disembala sagula zomwe akanagula mu Januwale.

Nditamvetsera onse, ndinaona kuti kusiyana kwa amene akutumiza ndalama ndi amene angoti zii kuli pa malo ogona. Bambo wina wa ku Dedza amasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ya abwana ake ku Randburg, ndipo amagona m'kachipinda ka kuseri pomwepo. Salipira lendi, sakwera takisi, magetsi ndi a abwana. Malipiro ake sasiyana kwenikweni ndi a mnyamata wa m'sitolo uja, koma iye wamanga nyumba ya malata kwawo m'zaka zitatu. Ena omwe zikuwayendera ndi a luso la m'manja: matelala, owotcherera zitsulo, akalipentala, amakaniko. Amene amavutika kwambiri ndi wongofika, wopanda luso, woima pamphambano m'mawa kudikira galimoto yofuna aganyu. Ameneyo amatha mwezi, mwina iwiri, akudyera kwa m'bale, ndipo ubale umathera pomwepo.

Pali ndalama ina yomwe sinalembedwe pa kalisiti kaja, ya mapepala. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ngati mlendo, osati wantchito. Ukapyola masikuwo amakuletsa kulowanso m'dzikomo, chaka chimodzi ngati wapyola pang'ono, zaka zisanu ngati wapyola ndi masiku oposa 30. Ukagwidwa ukhoza kukatsekeredwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa. Ambiri mu holo ija masiku awo anatha kalekale. Ena amalipira anthu oti akawadindire pasipoti ku chipata mwezi ndi mwezi, ndipo bambo wina anati anazindikira mochedwa kuti zidindo zomwe analipira zinali zabodza. Wopanda mapepala amavutika kutsekula akaunti ku banki, ndiye ndalama amasunga m'chipinda cha chinsalu chija, akuba n'kumadziwa. Anakambanso za magulu omwe akhala akuima pa zipata za zipatala zina za boma kubweza anthu obwera, kotero kuti ena akadwala amangopita kolipira. Zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008 ndi 2015 akuzikumbukabe, ndipo amene anathawa nthawi imeneyo anasiya katundu yense.

Za maliro ndiye zinatenga theka la msonkhano wawo. Kuno munthu akamwalira mudzi umasonkha ufa, adzukulu amakumba manda, bokosi timapangitsa kwa kalipentala wa pamsika. Kumeneko thupi liyenera kukonzedwa, mapepala atengedwe, galimoto ilipidwe kudutsa Zimbabwe ndi Mozambique. Msungichuma wawo anati thumba linauma atatumiza maliro awiri motsatizana, ndipo anagwirizana zokweza chopereka. Amene sali m'gulu lililonse akamwalira, mbale imayenda pa WhatsApp kwa masabata thupi lili kumochale.

Mawu omwe ndabwera nawo mumtima ndi a agogo ena a ku Mzimba, omwe anapita kumeneko nthawi ya Theba, kampani yomwe inkatenga anthu kupita nawo ku migodi, n'kuchona. Ndinawafunsa kuti nanga makolo athu ankabwera bwanji ndi njinga, wailesi ndi makina osokera. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati nthawi ya Wenela ndi Theba kampani inkakunyamula, kukugoneka mu komboni, kukudyetsa, ndipo gawo la malipiro ankakusungira kuti ukalandirire kumudzi. Ntchito ya pansi pa mgodi inali yoopsa ndipo ambiri anabwerako ndi chifuwa, koma lendi ndi takisi kunalibe. Kamuzu anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70 a ku migodi omwe ankabwerera kuno, unayambiranso patapita zaka zochepa, n'kutheratu mu 1988. Agogowo anati ana a lero amanyamuka ndi nkhani za njinga zija m'mutu, koma Joni yomwe inkasungira munthu ndalama inapita ndi Theba.

Tsono maganizo anga, poti munati ndinene. Sindikuti tiletse ngongole ya ulendo, chifukwa tikaletsa anthu apita kwa akatapila. Koma tisamapereke pongomva kuti "ali ndi msuweni wake kumeneko." Komiti iziyankhula pa foni ndi msuweniyo, anene komwe mwanayo akagone ndi ntchito yomwe akayambe. Wopempha adziwe kuti tikiti yokha siikwanira, pamafunikanso ya chakudya ndi takisi ya miyezi iwiri yoyamba. Ndipo membala asainire kuti abweza ndi mbatatesi, kabichi kapena mbuzi zake, osati ndi ndalama yomwe ikuyembekezeka kuchokera ku Joni. Ikabwera msanga, zikomo. Kwa amene ana awo sanakwere, ndikupempha tiganizire zowabwereketsa kaye ya maphunziro a utelala kapena kuwotcherera, chifukwa luso limenelo limadyetsa ku Lizulu ngati mmene limadyetsera ku Mayfair.

Pa za awiri omwe tinawabwereketsa chaka chatha, mmodzi ndinakumana naye. Sakudya ndalama. Anakhala miyezi inayi osapeza ntchito, pano akutsuka magalimoto, ndipo wandipatsa R300 yoti ndipereke kwa mayi ake ichotsedwe pa ngongole. Winayo anthu akuti anasamukira ku Cape Town, nambala yake siikugwira.

Pa ndalama zomwe munasonkha, malisiti a basi ndi a m'njira ndawapereka kwa asungichuma, ndipo yotsala ndibweza Lachiwiri pamaso pa onse. Sindinalipire malo ogona chifukwa achimwene awo anandisiyira bedi lawo iwo n'kukagona kwa mnzawo, choncho alembi alembe kalata yowathokoza. Anzathu a ku holo kuja apempha kuti wina akadzapitanso adzawatengere ufa wa mgaiwa ndi mfutso wa nkhwani, alipira akalandira. Amene ali ndi mfutso wabwino andiuze tisanatseke msonkhano.