Kalata kwa mpingo: za voice note ya uneneri ija

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse.

Ndikulemba kalatayi mtima usali m'malo. Mwezi wathawu pa gulupu yathu ya WhatsApp panazungulira voice note ija yoti Yesu akubwera tsiku lakutilakuti, ambiri munaitumiza kwa abale anu, ena mpaka kujomba kuntchito kudikira lipenga, tsiku lija lafika ladutsa ndipo tonse tidakali pompano. Izo sizinandidabwitse. Chandisowetsa tulo ndi mnyamata wina wa kwaya yemwe anandipeza titaweruka mapemphero nkundifunsa kuti, abusa, ngati ujawu unali wabodza ndiye wa aneneri a m'Baibulo tiukhulupirire bwanji?

Mwaona kumene mwatifikitsa? Mwana wayamba kukayika Yesaya chifukwa cha munthu yemwe ngakhale dzina lake simukulidziwa.

Mika analosera za Betelehemu zaka pafupifupi 700 Yesu asanabadwe, anatchula mudzi weniweniwo. Yesaya pa mutu 53 analemba kuti "Iye analasidwa chifukwa cha zolakwa zathu", ndipo amene amati akhristu ndiwo anachita kuwonjezera mawuwa pambuyo pake akafunse za mipukutu imene inapezeka m'mapanga a ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, mu 1947, pali mpukutu wa Yesaya wokopedwa zaka zoposa 100 Khristu asanabadwe ndipo mutu 53 ulimo. Ambuye mwini poona kachisi anati "sipadzasiyidwa pano mwala umodzi pamwamba pa unzake", mu chaka cha 70 asilikali a Aroma motsogozedwa ndi Tito anamugwetsadi. Uwu ndiye uneneri womwe tayimapo, unalembedwa, unasungidwa, aliyense atha kutsegula nkuufufuza.

Koma zotchula tsikuzi sizinayambe lero ayi. Mlaliki wina William Miller ndi omutsatira ku America anadikira kubwera kwa Yesu pa 22 Okutobala 1844, palibe chinachitika. Harold Camping, mlaliki wa pa wailesi ku America komweko, anati 21 Meyi 2011, anthu ena mpaka anawononga ndalama zomwe anasunga, palibenso. "Koma za tsiku ilo ndi nthawi yake sadziwa munthu, angakhale angelo a kumwamba." Vesi imeneyi nonse munailoweza muli ana, ndiye inathawira kuti pomwe mumadina forward?

Ndinene mosabisa, vuto lathu ndi ulesi wowerenga Baibulo. Foni ili m'manja kuyambira m'mawa mpaka pogona, bando ikatha mumathamanga kukagula ina, koma Baibulo lachita fumbi pashelefu ndipo ena mumalisaka Lamulungu m'mawa galimoto ikuliza hutala. Munthu wosawerenga amangomeza chilichonse bola wolankhulayo akhale ndi mawu amphamvu komanso kanyimbo kachisoni kumbuyo. Chondipweteka kwambiri, ena mwa oyamba kutumiza anali akuluampingo amene. Mose anatiuza kale pa Deuteronomo 18:22 kuti mneneri akanena m'dzina la Yehova koma mawuwo osachitika, Yehova sananene, musamuope.

Kuyambira Lachitatu likubwerali 5 koloko madzulo tiyamba kuphunzira Yesaya 53 kenako Mateyu 24, aliyense abwere ndi Baibulo lake ndi cholembera, makolo mubwere ndi ana anu. Ma admin a gulupu, uthenga uliwonse wotchula tsiku muziufufuta pompo, osadikira ine. Tapezanso kuti achinyamata ambiri alibe Baibulo lawolawo, ndiye amene mungathe perekani kangachepe kwa asungichuma isanathe sabata yamawa kuti tiwagulire.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.